Mwera ndi Miyendo ya Amayi

Lachinayi, mwezi wa Julayi, kuno ku Mbungo.

Lero ndatopa, mtima uli wii. Miyendo ya amayi yatupanso. Ndikadina pamsongolo ndi chala, pakumatsala kadzenje.

Adokotala a ku Chipyela ananena momveka: amwe mapiritsi, achepetse mchere, ndipo masana azigona miyendo ili m'mwamba. Mapiritsi akumwa. Mchere ndabisa. Koma zokweza miyendozo ndiye nkhondo.

Wandilakwira ndi mwera. Ngalawa sizikulowa m'madzi, choncho amuna anga akungokhala pakhomo, kusoka ukonde pansi pa mlambe. Ndimawagoneka amayi pakhonde n'kuwasanjikira mapazi pampando. Akangomva bambowo akutsokomola, amatsitsa msangamsanga, n'kukhala tsonga, chitenje mpaka kuzala zakumapazi. Kugona m'nyumba akukana, ati iwo si mtembo.

Masana ndinalephera kuugwira mtima. "Amayi, mukufuna miyendoyi iphulike?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Iwe, ndiimike miyendo pamaso pa mkamwini? Kutupa kumaphwa, manyazi saphwa."

Ndinawapempha bambowo kuti akasokere kunyanja, ndipo anapita osawiringula. Amayi anagona bwino, mapazi pampando, ine mtima pansi. Posakhalitsa ndangoona abwerera, ati si bwino kutaya apongozi akudwala. Anagwada chapatali n'kuyamba kuwalonjera mwaulemu wonse, kufunsa za tulo, za chakudya, za mapiritsi. Amayi tsonga mpaka dzuwa kupendeka, mapazi ali nyezinyezi.

Ulemu wa anthu awiriwa udzandiphera amayi. Mwera ukapanda kuleka mawa, kaya ndithamangitse ndani pakhomo pano…