Matabwa Makumi Awiri ndi Anayi a Mwambo

Lolemba, 5 Meyi

Ntchito yabwera yokha lero, itavala magalasi. Mayi wina wa ku koleji ya ziyankhulo. Akuti amanga holo yatsopano, akufuna matabwa 24 a pakhoma. Thabwa lililonse liwu limodzi: mwambo. Koma m'ziyankhulo 24, chilichonse ndi zilembo zake. Tsiku lokakhoma, 30 Meyi.

Ndawafunsa kuti bwanji osangowoloka msewu kupita kwa Wamakina, amene amasindikiza chikwangwani munthu asanamalize kapu ya tiyi. Akuti liwu ngati limeneli likufuna dzanja la munthu. Mawu okoma. Chikomekome cha mkuyu. Zaka 41 ndikulemba zikwangwani, sindinaonepo kasitomala wokonda dzanja langa kuposa thumba lake. Wawalozera kuno ndani?

Sandipepa wakondwa ngati ntchitoyi ndi yake. Mwana wanga yemweyu, zaka 33, dzinalo ndinamupatsa ndine chifukwa cha ntchito yake ndi lilime lake. Ndamukumbutsa: iwe pala matabwa, paka penti woyamba, basi. Burashi ya zilembo ndi yanga.

Lachitatu, 7 Meyi

Matabwa afika. Awiri opindika, ndabweza.

Mayi wa magalasi abweretsa mapepala, liwu lililonse pa pepala lake, ndipo sanachoke msanga. Aphunzitsi ndi choncho, ukawapatsa mpando iwo akupatsa phunziro. Akuti Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chingerezi zinatunga pa chitsime chimodzi, Chilatini, ndipo tsinde la liwulo ndi kupereka chinthu m'manja mwa wina. Agiriki amati paradosi, liwu lomwelonso amatchulira katundu akamufikitsa pakhomo. Chiswahili mapokeo, zinthu zolandira. Chihindi parampara, wina pambuyo pa mnzake. Ndati ngati pamzere wa kuchipatala. Sanaseke.

Ndafunsa: nanga lathuli, mwambo, linachokera kuti? Akuti akufufuzabe. Za eni akuzidziwa, za kwawo ayi.

Ponena za kupereka m'manja anayang'ana ine, kenako Sandipepa. Ndaona. Anakambirana kale awiriwa?

Lachisanu, 9 Meyi

Atatu atha: Chifalansa, Chipwitikizi, Chiswahili. Zilembo zozolowera.

Dzanja lanjenjemera pang'ono pa mzere womaliza. Tiyi wambiri. Kapena fungo la penti. Palibe waona, Sandipepa ndinali nditamutuma misomali.

Wachedwa kubwerako. Ndasuzumira pawindo: ali pakhomo pa Wamakina, akuseka, pepala lokulunga lili m'khwapa. Ndamufunsa. Akuti anakakulitsa zilembo za Chitchaina pa makina kuti ndizione bwino. Ndani wanena kuti sindiona bwino?

Lolemba, 12 Meyi

Burashi yanga yaitali, ya ubweya wofewa ija, ndaipeza yonyowa m'mawa. Ndinaitsuka Loweruka masana. Lamlungu sitigwira ntchito. Burashi sichita thukuta.

Penti wakuda watsika m'chitini.

Chinanso. Pa thabwa la Chipwitikizi panali kadontho pansi pa chilembo chomaliza, ndinati ndidzakonza lero. Palibe. Kadontho sikachoka kokha.

Makiyi a shopu ndi awiri, wanga ndi wa Sandipepa, poti amalawira kudzasesa. Ndawauza amake kunyumba. Ayankha osatembenuka n'komwe, akusita: "Inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe." Akudziwa kanthu amenewa. Akasita malaya amodzi kawiri ndiye kuti pali nkhani.

Mmene ndikuonera: Wamakina wamunyengerera mwanayu. Akuchotsa matabwa anga, akuika osindikiza pa makina. Tsiku lokakhoma adzaime pagulu n'kunena kuti nkhalamba ija imagulitsa za makina anga n'kumati ndi dzanja. Ndiye kuti shopu yatha, dzina latha. Wakhala akuifuna mbali ino ya msewu kuyambira tsiku limene anafika.

Lachiwiri, 13 Meyi

Chiarabu. Kuyambira kumanja kupita kumanzere, mzere woyenda osapuma, ukaima panjira zimaonekera. Taqlid. Pepala la mayi aja likuti ndi kutsanzira, ndipo tsinde lake ndi kuveka chinthu m'khosi. Mkanda kapena chingwe, sanalembe. Aarabu okha ndiwo anena zoona.

Ndalemba nditatsamiritsa dzanja pa ndodo. Latha. Ukaliyang'ana chapatali silinaipe.

Ndatchera msampha. Kuseri kwake ndakanda kamtanda ndi msomali, pakona yapansi. Lililonse limene ndimalize kuyambira lero ndizitero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndatembenuza la Chiarabu. Kamtanda palibe.

Ndakhala pansi kaye. Kenako ndalinunkhiza, ndayendetsa chala pamwamba. Si makina. Makina sasiya timizere ta ubweya wa burashi. Ndi penti wanga, ndi burashi, ndi dzanja la munthu. Mzere umodzi kuyambira kumanja mpaka kumanzere, osaima paliponse.

Ndiye Wamakina walemba ntchito mmisiri. Ndani? Amene ndinkawadziwa m'tauni muno, awiri anatisiya, wachitatu anataya burashi n'kuyamba kuyendetsa takisi. Sandipepa akungomutsegulira chitseko munthuyo. Iyeyo sangathe, sindinamuphunzitsepo ngakhale A.

Masana wandibweretsera tiyi, wandifunsa ngati dzanja likupweteka. Ndati dzanja liti? Wati, "Ndangofunsa, bambo." Palibe munthu amangofunsa.

Loweruka, 17 Meyi

Mayi wa magalasi abwera kudzaona. Matabwa khumi ndi awiri, tawandanditsa kukhoma. Abwera ndi mnzawo wodziwa Chiarabu, bambo wamtali wosalankhulalankhula. Waima pa thabwa lija nthawi yaitali. Akuti wolemba uyu ngati anabadwira m'zilembo zimenezi. Mayi aja anditembenukira: "Zaka makumi anayi zija zikuonekera apa, bambo."

Ndati zikomo. Pakona, sandipepa ya Sandipepa imangothamangirathamangira.

Phunziro linanso, laulere. A ku Turkey amati gelenek, kuchokera ku kubwera, chinthu chimene chabwera mpaka chatipeza. A ku Finland perinne, pachibale ndi liwu lawo la cholowa. Akuti chimawasangalatsa n'choti ambiri mwa mawuwa amafuna anthu awiri, wopereka ndi wolandira. Ndati mayi, ine ndimalemba, sindimasulira.

Atachoka ndalemba Chihindi. Zilembo zolendewera pa mzere ngati zovala pa chingwe. Kamtanda kuseri.

Lolemba ndilawira. Ndawauza amake kuti ndikupita kuchipatala kukapimitsa magazi.

Lolemba, 19 Meyi

Ndamugwira.

Sindilemba lero.

Lachitatu, 21 Meyi

Ndilembe, mwina chifuwa chipepuka.

Ndinafika 5 koloko itangodutsa. Chitseko chotsegula pang'ono, getsi loyaka, wailesi chapansipansi. Ndinkayembekezera mwamuna wachilendo. Ndinali nditatola kale chidutswa cha thabwa panja.

Sandipepa. Yekha. Pa benchi yanga, ndi burashi yanga, akulemba Chihindi. Wopanda ndodo yotsamira. Kansonga ka lilime kali panja pakona ya mlomo, monga ndimachitira ine, amake amanditonza nazo.

Ndinaima pakhomo, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. M'buku muno ndilembe zoona: mzere uja sunagwedezeke. Pa zaka zake ine sindinkafika pamenepo. Mtima unayamba wakondwa, kamphindi kochepa chabe, kenako magazi anakwera.

Kuseri kwa kabati, matabwa anga. Khumi ndi awiri, oyang'ana kukhoma ngati ana olakwa m'kalasi. Amene ankalembapo iye anagula yekha.

Ndinakalipa mpaka mlonda wa pafamase anasuzumira. Wakuba. Kazitape wa Wamakina. Mwana wopanda mwambo. Ndinanena zimenezo nditaima pakati pa matabwa olembedwa mwambo m'ziyankhulo khumi ndi zitatu.

Anamaliza kaye chilembo, poti penti sadikira mkangano. Anatsuka burashi, anaipukuta, anaigoneka pamalo pake. Kenako: "Ndaba ndithu, bambo. Zaka khumi ndi zisanu ndikuba ndi maso. Mukanandipatsa sindikanaba."

Ndinafunsa kuti anayamba liti. Chaka chatha, chikwangwani cha pafamase. Chomwecho chimene mayi wa magalasi anachiona n'kufunsa kuti walemba ndani. Ndiye chowalozera kuno ndi chikwangwani chimenecho.

Wamakina wakhala akumuitana kuyambira Januwale, iye akukana. Ndinati ndiye pita, ukudikira chiyani. Anavula ovolosi, anasiya kiyi pa benchi. Dzulo wayamba kumeneko. Akugona kwa azakhali ake.

Amake ankadziwa zonse. "Tinkakusungirani ulemu," akutero. Ulemu wake umenewo, wondisandutsa chidole m'shopu yanga. Chakudya akungondiikira patebulo n'kuchoka.

Lachisanu, 23 Meyi

Ndatulutsa matabwa anga aja, ndawaimika padzuwa kuseri kwa shopu, kumene kulibe anthu. Ndavala magalasi owerengera. Mizere ngati nyerere yagwera mu penti n'kuyendapo. Onse. Si tiyi.

Atsala khumi ndi limodzi, masiku asanu ndi awiri.

Ndayesa la ku Hungary, poti zilembo zake ndi zathu zomwezi. Hagyomány. Pepala likuti likuchokera ku kusiya, zimene munthu wasiya. Katatu. Katatu konse ndapala ndekha. Kupala ndi ntchito, msana ukundiuza. Zaka khumi ndi zisanu mwanayu akuchita zimenezi, ine ndikumuuza kuti wasiya fumbi pakona.

La Chitchaina sindinaliyambe n'komwe. Zilembo ziwiri zokha, china kupatsira, china nsonga ya ulusi. Koma timizere tambirimbiri, kalikonse kofuna dzanja lokhazikika. Pepala lija anakulitsa lidakali chikulungire pa shelefu.

Ndakumbukira abwana anga akale, amene ndinawasesera shopu zaka zisanu ndi zitatu. Sanandigwiritsepo burashi. Ndinkaba ndi maso, n'kumalemba pa makatoni kuseri kwa chimbudzi. Anamwalira osanenapo kuti walemba bwino. Pa maliro awo ndinalumbira kuti ine sindidzatero. Mwina mwambo wa ntchito yathu ndi umenewo, kumana. Palibe chiyankhulo pa mapepala awa chimene chanena zimenezo.

Ndinkaopa. Basi. Ndinkaopa kuti tsiku limene agwire burashi, ine ndigwira tsache.

Pawindo ndimamuona Sandipepa, kwa Wamakina. Akudula zomatamata za pagalimoto ndi lumo. Dzanja ngati limenelo.

Lolemba, 26 Meyi

Mayi wa magalasi, 10 koloko. Aona la ku Hungary, ulendo wanga wachinayi. Avula magalasi, apukuta, avalanso. "Kapena ili linalembedwa mothamanga?"

Ndikanatha kunena kuti penti ndi woipa. Bodzalo linali kale pa lilime. Ndawauza zonse, nditayang'ana pansi ngati mwana wa sukulu. Sanadabwe kwenikweni, ndipo zimenezo zandikayikitsa. Angoti, "Ine ndikufuna dzanja limene linalemba enawa. Lachisanu galimoto ibwera 8 koloko."

Masana ndawoloka msewu. Zaka zisanu ndi zinayi Wamakina ali pamenepo, lero ndi koyamba kuponda m'shopu mwake. Mozizira, fungo la pulasitiki. Iye wandipatsa moni waulemu, wandikokera mpando, kenako wapeza chokonza kuseri kwa makina ake, makina oti akuyenda bwinobwino. Makutu ali kuno.

Ndaika pakauntala, pamaso pa Sandipepa, burashi yaitali, yokulunga m'nyuzipepala. Pambali pake kiyi wake. Ndapisanso m'thumba, ndaika ndi wanga.

Ndinakonza mawu ambiri powoloka. Atuluka awa okha: atsala khumi ndi limodzi.

Sanakweze mutu. "Atsala kwa ndani, bambo?"

Ndati kwa mwini shopu. Ndawonjeza kuti la Chiarabu lija analemba bwino.

Lumo linaima. Koma sanagwire kanthu, burashi kapena makiyi. Ndadikira, ndatsokomola, ndatuluka. Zonse ndazisiya pamenepo. Shopu ndinali nditakhoma kale loko powoloka, ndiye ndangopita kunyumba dzuwa lili pamutu. Amake andiyang'ana, ayang'ana lamba wanga pamene pamalendewera kiyi. Tiyi anabwera ndi shuga.

Lachiwiri, 27 Meyi

Panja pa shopu, pa chitini chakale cha penti. Ndikulembera pa bondo. Kiyi ndilibe. Zaka 41.

6:30. Mlonda wa pafamase wandifunsa ngati ndataya kiyi. Ndati ndikuwothera dzuwa. Dzuwa lake lisanafike mbali ino.

Mwina makiyi aja Wamakina watenga. Munthu ameneyu sangalephere. Mwina mwanayu akufuna ndikhale pano mpaka msewu wonse undione, anatengera amake. Akatero sindimudandaula. Ndibwera ndi mawa lomwe.

Matabwa khumi ndinapala kale, penti woyamba ndinapaka Loweruka; lofunika kupala ndi la ku Hungary lokha. Akafika angoyamba zilembo. Pakona sindinasiye fumbi, akayang'ane yekha.

7:15. Wamakina watsegula. Antchito ake awiri alowa. Sandipepa sanalowe. Kunonso sanafike.

7:40. Kumtunda, pokwerera basi, kwatsika munthu. Wanyamula chinthu chachitali chokulunga m'nyuzipepala. Mayendedwe ake ngati ndi mwanayu, koma maso angawanso...