Akuti Ndawonda pa Banja

Lolemba, 8 Epulo

Makilo 94. Ndinavula nsapato, ndinavula juzi, sikelo osasintha maganizo. Bipi 168 pa 104. Shuga nayenso akuti ali pakhomo. Dokotala wake kamtsikana koti ndikanakabereka kumbuyo, koma mawu osazungulira: "Mayi, mutsike thupi, apo ayi mapiritsi moyo wanu wonse." Ndakakonda. Kamayankhula ngati ine.

Ababa anagwa ndi sitiroko ku Bangula ali ndi zaka 52. Ine ndili ndi 38.

A Ellard sindiwauza. Amuna anga ndikuwadziwa. Chaka chonse nyimbo imodzi: ntchito masana, sukulu madzulo, mudzadzipha amake Hannah. Angomva za bipi, sukulu yathera pomwepo. Mayeso a Fomu 4 ndi Julaye. Ndinasiyira Fomu 3 chifukwa cha mimba ya Hannah. Kompyuta ndinadziphunzitsa ndekha, chala chimodzichimodzi. Lero makalata onse a kampani yathu ya malole amatuluka m'manja mwanga, koma akafuna kukweza munthu amafunsa pepala. Kachiwiri sindisiya.

Ndiye pakamwa ndatseka mpaka Julaye. Ine, amene Kanjedza yense amadziwa kuti sindimeza mawu.

Lachinayi, 11 Epulo

Tiyi wopanda shuga. Madzi otsukira mbale ali bwino.

Ndayamba kuyenda wapansi kupita ku Limbe. Mphindi 35, thukuta mpaka m'nsapato. Kondakitala wina wondidziwa anatulutsa mutu pawindo, akuti mami mpando wanu uja taikapo anthu awiri. Ndinamuuza akatsuke kaye mano.

Ku ofesi ndiye vuto. Ikakwana thwelofu tonse timadyera pa tebulo la Winnie, mnzanga wolandira alendo. Tchipisi cha pachiwaya, soseji, mapepala ochita kunyezimira mafuta. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinajombepo. Lero ndatsegula kontena yanga: mtanda umodzi wa mgaiwa, nyemba, bonongwe. Onse maso pa kontena. Winnie akuti, "Asisi, kunyumba kwavuta?" Ndati kwavuta m'mimba mwanu.

Fungo la tchipisi lija landitsatira mpaka m'kalasi ku Chichiri.

Lachiwiri, 23 Epulo

90. Ndadziyeza pa sikelo ya katundu kuseri, alonda akuyang'ana kumbali mwaulemu.

Njala. Aphunzitsi a masamu ajambula chozungulira pa bolodi n'kuchidula zigawo zisanu ndi zitatu, ine ndikuona chigumu.

Maola asanu ndi atatu pampando, miyendo ngati mitondo. Ndayamba kukwera masitepe ola lililonse. Bwana, a Vitalis, afunsa ngati mpando wanga uli ndi nsikidzi. Iwowo mimba inafika pa tebulo kalekale, galimoto amaimika pakhomo penipeni kuti asaponde fumbi. Ndangoti ndikuwongola miyendo. Mawu enawo ndameza. Kumeza mawu kukanakhala konenepetsa bwenzi pano ndili 100.

Kunyumba mapoto awiri, la mchere ndi lopanda. A Ellard amayang'ana mbale yanga, n'kuyang'ana ine. Osafunsa kanthu.

Lachisanu, 10 Meyi

87. Siketi ya buluu ndamanga ndi pini. M'mawa ndinadziona pa galasi la shopu ina ndipo ndinamwetulira ndekha ngati wopenga. Mutu wasiya kuwawa. Masitepe onse osapumira.

Chimwemwe chake cha maola atatu basi.

Kapu yanga ya tiyi ndaipeza payokha pamwamba pa firiji. Makapu enawo ali pamodzi mu beseni. Ndafunsa waichotsa ndani, aliyense maso pa foni. Kenako Sabiha wa ku sitolo ya zipangizo wanditsatira m'khonde, wandigwira dzanja, mawu otsika ngati pamaliro. Akuti masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala zaka ndi zaka, ndisachite manyazi. Mtima wake wabwino, ndikudziwa. Koma ndinamva kutentha mpaka m'makutu.

Pamene ndinkafufuma, miyendo ikutupa, onsewa ankati mukukomatu asisi, a Ellard akusamala. Munthu ukamafa ndi mafuta amakuombera m'manja. Ukayamba kuchira akupatulira kapu. Ngakhale ndikanakhala nako kachilomboko, kamayenda pa kapu? Anthu a masatifiketi awo.

Kapu ndaibweza mu beseni. Pakati penipeni.

Lamulungu, 19 Meyi

Dailesi, mng'ono wanga, anabwera kutchalitchi kwathu. Mwezi ndi theka tisanaonane. Kungondiona, manja pakamwa, misozi mbwee. Wanditsina mkono ngati akugula nkhuku. Alamu akukumenyani? Akukumanani chakudya? Apeza wina? Ndati ndikudzichepetsa dala. Akuti, "Achemwali, munthu amadzichepetsa ngati diresi kwa telala?"

Pang'ono ndimuuze. Koma kuuza Dailesi n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi.

A Ellard abwera ndi nyama ya nkhumba yootcha, ija ndimaikonda. Ndapatsa Hannah. Anaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali, pepala lamafuta lili m'manja. Nawonso sakudya bwino masiku ano. Kunyanyala kapena, kaya. Ndilibe nthawi yonyengerera bambo wamkulu, bayoloje ikundidikira.

Lachitatu, 29 Meyi

84. Bipi pa famase 142 pa 90. Zikutheka. Ndekha, popanda wondiwuzira.

Mphoto yake: mlandu.

Dailesi anaimba foni kumudzi. Amayi akulira ku Bangula. Amalume a Kingstone, ankhoswe anga, akwera basi kuchokera ku Nchalo Lamulungu, ndipo auza kale a Trevor, ankhoswe a kuchimuna. Nkhani yake akuti mwana wathu akuwonda pa banja. Ine mwini thupi palibe wandifunsa ngati ndadandaula. Ndaimbira Dailesi, ndamutsuka mpaka mayunitsi kutha.

A Ellard atamva angoti chabwino, abwere. Munthu akukunamizira, iwe chabwino?

Mawa mayeso oyeserera. Ndawerenga tsamba limodzi kanayi.

Lamulungu, 2 Juni

Maola atatu pabalaza.

Amalume anayamba ndi pemphero, kenako anati ife tinakupatsani munthu wathupi lake, wodzaza mpando, lero tikuona mafupa a m'khosi. A Trevor akuyesa kuzimitsa moto. Ine ndanena katatu kuti palibe vuto, amalume akuti mkazi wolangidwa bwino amabisa za m'nyumba. Atafunsidwa a Ellard, mutu pansi: "Ngati ndinalakwa, andikhululukire." Ndinafuna kuwagenda ndi nsapato. Kupepesa chiyani?

Basi akuluakulu anati nkhani yatha, tidyere mbale imodzi awiriwiri iwo akuona, monga mwa mwambo. Dailesi anali ataphika kale. Nkhuku ikusambira m'mafuta, mchere wochita kuluma lilime. Ndinatema kambamu kamodzi n'kusamba m'manja. Amalume anagwedeza mutu. Akuti wakana chakudya cha chiyanjano, ndiye kuti mtima sunatsike, apite kwa amake ku Bangula akapume mwezi umodzi.

Mwezi umodzi. Mayeso ali pa mphuno.

Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga buku la kuchipatala, ndinaliponya pa tebulo pambali pa nkhukuyo. Ndinanena zonse. Bipi, shuga, ababa ndi sitiroko yawo, ndiponso kuti thupi lomwe akulilira ndi lomwe linkandipha. Amalume anawerenga pang'onopang'ono, magalasi pa mphuno, n'kufunsa chomwe ndinabisira. Ndinati sukulu. Ndinayang'ana a Ellard, kudikira kuti ayambe nyimbo yawo.

Anangodzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinawaona pawindo atatsamira khoma, mapewa akugwedezeka.

Alendo anadya nkhuku yawo mwakachetechete. Dailesi anatsuka mbale osatumidwa.

Lolemba, 3 Juni

M'mawa ndikumanga nsapato, a Ellard akuti takhalani pansi kaye. Mawu ndinali nditanola kale. Sanagwire ntchito. Akuti sukulu pitirizani, mayeso mulembe, tsiku la kuchipatala tipitira limodzi, ndipo poto likhale limodzi, mchere aphunzira kuusiya.

Kenako anatulutsa kapepala m'chikwama, kopindapinda mpaka kufewa. Kuyezetsa magazi, 21 Meyi. Alibe kachilombo. Anapita okha ku Zingwangwa komwe sadziwika, ulendo woyamba anabwerera pa geti. Milungu yonseyi osagona, osadya. "Ndimati ndakuphani ine, amake Hannah."

Ndinalira. Ndinawagwira mutu ngati mwana. Ndinadziona woipa, kuzunza munthu chonchi chifukwa cha satifiketi. Njira yonse ya ku Limbe ndayenda wopepuka, ndinapatsa moni ngakhale kondakitala uja.

Makalata asanu ndi imodzi. Masitepe kanayi. Thwelofu, mbatata ndi chisoso.

Ndiye zandifikira ndili pakati pa kudya.

Zaka 19 m'banja. Ine sindinapondepo kwina, ndipo iwo akudziwa, n'chifukwa chake sanandikayikire ngakhale tsiku limodzi. Anadzikayikira okha. Munthu wokhala pakhomo pake amathawira ku Zingwangwa kukayezetsa mobisa? Amabwerera pa geti akuopa chiyani? Dzulo amapepesa pamaso pa amalume, ine n'kumati ndi kupusa.

Chisoso chazizira. Bipi sindikufuna n'kuidziwa komwe.

Masamu faifi koloko. Ndipita, sindijombera mwamuna kalasi. Koma ndikangotsika pa siteji ya Kanjedza, mawu sindimezanso.