Sitolo Yanga ya Papepala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chipadze tilipo, mwendo wa amayi ukupola.

Koma ine mutu waima. Kukoleji anatiuza kuti aliyense ayendetse sitolo ya zovala yongoyerekeza, ya papepala chabe. Amayi ataona pepala langa la madiresi ndi nsapato, anakalengeza kutchalitchi kuti ndili ndi sitolo. Loweruka anzawo anafika atavala yunifolomu, akuti ndiwaperekeze akaipempherere sitoloyo.

Ndinawauza kuti sitolo kulibe. Amayi anakwiya: "Ukubisa chiyani? Ngati kulibe, aphunzitsi akuyamikira chiyani?" Vuto lake n'lakuti aphunzitsiwo anandiyamikiradi papepalapo.

Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Ambuye akusungeni, koma fulumirani, abusa avomera kale kudzadula riboni.

Ndine mlongo wanu,
Esinta