Mbatatesi ya ku Kaphuka ndi msonkhano wa Lachisanu

Lolemba, 6 Meyi 2024

Maphunziro a alangizi a chitukuko ayamba kuno ku Dedza boma. Kukuzizira. Mphunzitsi wathu, a Zefaniya, akuti chuma cha dera chimakula mlimi akamakumana ndi wogula maso ndi maso, popanda venda pakati. Aliyense akonze msonkhano wotere sabata ino. Ine ndatenga gulu la alimi a mbatatesi ku Kaphuka, wapampando wake a Alufeo.

Lachiwiri, 7 Meyi

Tsiku lonse kujambula mivi pa mapepala akuluakulu. Mlimi, muvi, msika. Pa pepala mbatatesi siola.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndaimbira a Habib, amalonda a m'tauni muno, ali ndi lole. Ndati Lachisanu 12 koloko ku Kaphuka. Anayankha kuti, "Tiona, mayi." Ndauza a Zefaniya kuti a Habib avomera.

A Alufeo atamva za lole abweza venda wawo wa ku Chimbiya. Akuti mawa akumba yonse.

Lachinayi, 9 Meyi

Akumbadi.

Lachisanu, 10 Meyi

Alimi anafika m'mawa, ena atavala majekete a kutchalitchi. Milu ya mbatatesi pabwalo, yofunditsidwa udzu. 12 koloko inakwana, a Habib osaoneka, foni yothima. Ndinayang'ana wotchi kangapo ndisanakumbukire tsiku. Lachisanu masana munthuyo amakhala kumzikiti. Ndakulira m'tauni momwemu, sitolo zikamatsekedwa nthawi imeneyi ndimaziona sabata iliyonse. Ndinachita manyazi.

A Alufeo sanakalipe. Anangoti, "Yokumba sibwerera m'nthaka, mayi." Ya pamwamba ikaombedwa ndi dzuwa ibiriwira, ndiye palibe angaigule. Vendayo akuti anadzaza kale matumba ake kwina.

Loweruka, 11 Meyi

Lero anzanga akulandira masatifiketi. Ine ndapita kusitolo ya a Habib limodzi ndi a Alufeo, atanyamula chidebe cha mbatatesi.

A Habib: "Munandiuza tsiku, simunandifunse. Munthu wa boma ungamukanire bwanji pa foni?"

A Habib anatola mbatatesi imodzi, kuikanda ndi chikhadabo, kuitembenuza. Anafunsa a Alufeo kuti yakumbidwa liti, msewu uli bwanji kupitirira Linthipe. Anakambirana awiriwo nthawi yaitali, ine nditangoima pafupi ndi matumba a shuga.

Kenako anaitana dalaivala wawo: "Yunus, kathire mafuta."

Kutsogolo kwa lole kunali malo a munthu mmodzi. Akwera a Alufeo.