Mphindi Zisanu ndi Zinayi pa Siteshoni ya Kugombe

Lachiwiri, 6 Meyi

Okondedwa alongo anga,

Kalata yanu ya mwezi watha inandipeza bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiyani. Kuno tili moyo. Alamu anu akudandaula maondo monga mwa masiku onse, ndipo diso lawo lakumanzere layamba kuchita nkhungu. Ine ndilibe dandaulo loyenera kuwonongera inki. Mwandidzudzulanso kuti sindiimba lamya. Yankho langa silinasinthe: mawu a pa lamya amatha ndi mpweya, pamene wolemba amayamba waganiza.

Ndikulemba kuti ndikudziwitseni za ulendo wa pa sitima umene takonza pa 29 mwezi uno, ndiponso kuti ndikupempheni kanthu kamodzi. Kanthuko ndikatchula kumapeto, pakuti pempho liyenera kutsata zifukwa zake, osati kuzitsogolera.

Tidzanyamuka ndi sitima ya 6:40 m'mawa. Ndasankha bogi yachiwiri kuchokera kutsogolo, mipando ya kumanja, chifukwa dzuwa la m'mawa limalowera kumanzere ndipo diso la alamu anu silifuna kuwala. Pa 8:25 tidzatsika mumzinda wa chipatala chachikulu, kumene dokotala wa maso watipatsa 9 koloko. Kuchokera pa siteshoni kukafika pachipata cha chipatalacho ndi mphindi khumi ndi ziwiri kwa ine, makumi awiri kwa iwo. Ndawerengera makumi atatu.

Tikatuluka kwa dokotala tidzakwera ya 11:50, imene imafika pamphambano ya njanji 12:45. Kumeneko tidzaona a Wenzulo, mkulu wa siteshoni wakale uja amene munkati amalankhula ngati akulozera sitima. Anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo akazi awo andilembera kuti mawu satulukanso. Tinagwira ntchito limodzi zaka makumi awiri tikukangana tsiku ndi tsiku. Tsopano popeza mmodzi wa ife ali chete, ndikhulupirira kuti tidzamvana.

Gawo lachitatu ndilo lifuna kufotokoza mosamala. Pobwerera sindinafune kudzeranso njira yomweyo. Ndinalemba kuti tikwere ya 3:05 yopita kugombe la nyanja yamchere, yofika 4:51, ndipo kumeneko tisinthe, tikwere yamadzulo yodzera kumapiri imene ikanatifikitsa kwathu tsiku lomwelo. M'buku langa la ndandanda, sitima yamadzuloyo imanyamuka 5 koloko yeniyeni. Zikutsala mphindi zisanu ndi zinayi.

Mukudziwa kuti ndinakonza ndandanda za masitima zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo palibe munthu anagonapo pa benchi chifukwa cha cholembera changa. Siteshoni ya kugombeyo ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Sitima ya 3:05 imaima pa pulatifomu yachinayi, yamadzulo pa yoyamba. Pakati pake pali mlatho wa oyenda pansi, masitepe makumi anayi ndi awiri pokwera, ena otero potsika. Kuwonjezera apo, ya 3:05 imaimitsidwa kawirikawiri panjira kuti sitima ya katundu idutse. Ndine ndemwe ndinkaphunzitsa makalaliki kuti pa siteshoni imeneyo wosintha sitima asapatsidwe mphindi zochepera makumi awiri. Yamadzulo ikachoka, ina kulibe kufikira m'mawa.

Inu si mwana, alongo anga. Mukudziwa amene amakhala mumzinda wa kugombewo: mwana wanga wamkazi, amene inu mumalankhula naye ndipo ine sindilankhula naye. Patha zaka zisanu ndi ziwiri chisiyireni iye sukulu ya udokotala, kutatsala chaka chimodzi chokha, kuti akwatiwe ndi wokonza mainjini a maboti pa doko. Munalipo tsiku lija m'chipinda chodyera pamene ndinati sindidzakonza ulendo wopita pakhomo pake ndili moyo. Mawuwo ndawasunga, monga ndasungira mawu anga onse. Koma ndinalingalira kuti munthu amene yamuthawa sitima sanakonze ulendo. Wagwidwa ndi tsoka la panjira, ndipo ngati mkazi wake wodwala maondo afuna pogona, palibe angamunene kuti wabweza lilime akagogoda pakhomo la mwana wake.

Pepala la ulendowo ndinawapatsa alamu anu kuti aliwerenge. Analiyandikiza ku diso labwino lija, natsata mizere ndi chala.

“Apa mphindi zingati, bambo?”

“Zisanu ndi zinayi.”

“Ndi maondo angawa?”

“Tidzayesetsa.”

Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka analowa kuchipinda, natsitsa sutikesi yaikulu pamwamba pa kabati. Anaikamo zovala zawo zogonera, malaya anga awiri, lumo langa lometera, ndi kajuzi kobiriwira kamene akhala akuluka mobisa, akuganiza kuti sindiona.

“Ndi ulendo wa tsiku limodzi, mayi,” ndinatero.

“Ndamva, bambo. Lumo sililemera.”

Sitinalankhulenso za nkhaniyo. Zaka makumi anayi za ukwati zili ndi phindu lake.

Lachisanu ndinavala jekete ndi kupita ku siteshoni kukagula matikiti. Pazenera ndinapeza mayi amene ndinamuphunzitsa ntchito ali mtsikana, amene lero ndiye mkulu wa ofesi ya matikiti. Ndinamupatsa pepala langa podzera pansi pa galasi, ndikuyembekezera kuti andichenjeza za mphindi zija, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale: kuti nkhalamba isaphunzitsidwe ntchito ndi ana ake. Iye anawerenga, nafika pamzere wotsiriza, nayamba kuseka.

“Aphunzitsi, buku lanu la ndandanda ndi la liti?”

“La chaka chatha. Ndimalidziwa pamtima.”

“Ndiye vuto lake limenelo, mumalidziwa pamtima! Linasintha pa 1 Epulo. Yamadzulo ikunyamuka 5:25 tsopano. Ya 3:05 ikachedwa, inayo imadikira. Ndipo pamlatho paja anaikapo chikepe, amayi sapondanso sitepe ngakhale imodzi.”

Ndinamufunsa kuti wasintha ndani.

“Inuyo! Lamulo lanu lija la mphindi makumi awiri, lomwe munalembera akuluakulu makalata asanu ndi atatu mpaka anatopa nanu. Alivomera. Ife tinaombera m'manja mu ofesi muno, tinati mawu a akulu akoma akagonera. Pitani mtima uli m'malo, Aphunzitsi. Sitima imeneyo simungaiphonye ngakhale mutafuna.”

Ananena zimenezi ndi chimwemwe choona, monga mwana wobweretsa mphatso. Zaka khumi ndi zitatu ndinamenyera lamulolo, ndipo ndinapuma ntchito lisanavomerezedwe. Alivomera mwezi umodzi ndisanafune kuliphwanya.

Ndinafunsa ngati ilipo ina yochoka pamphambano mochedwerapo. Anati ya 3:50 inachotsedwa. Ndinafunsa ngati chikepecho chimagwira ntchito masiku onse. Anati n'chatsopano, sichinafepo. Apo anasiya kuseka, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

Kumbuyo kwanga mzere unali utatalika. Mayi wina wonyamula thumba lalikulu anakweza mawu: “Agogo, mukugula tikiti kapena sitima yonse?” Anthu anaseka. Wina anati, “Asiyeni, akufunsa mtengo wa njanji.”

Ndikuuzani zimene ndinaganiza nditaima pamenepo, popeza ndayamba kale kuulula. Ndinaganiza zochedwa dala kwa a Wenzulo, koma kutero kukanatigoneka pamphambano, osati kugombe. Ndinaganiza zotaya tikiti. Ndinaganiza ngakhale zolowa m'chimbudzi cha pa siteshoni ya kugombe ndi kukhalamo mphindi makumi atatu ndi zinayi, alamu anu akundidikira panja ndi sutikesi. Pamenepo ndinadziona bwinobwino: mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri, wa tayi, atabisala m'chimbudzi cha anthu onse kuti asaoneke ngati wafuna kuona mwana wake. Aphunzitsi athu a Chilatini aja akanadzuka m'manda kudzandikwapula.

“Ndidinde, Aphunzitsi?” anafunsa mayi wa pazenera uja, motsitsa mawu.

“Obwerera akhale a m'mawa mwake,” ndinatero. “Ya 9:15.”

“Mugona kugombe?”

“Ndatero.”

Anadinda matikitiwo, nawaika mu envulopu, osafunsanso kanthu. Anali wophunzira wanga wabwino koposa onse.

Tsiku lomwelo ndinalembera nyumba ya alendo imene ili mumsewu wachiwiri kuchokera pa siteshoni, yoyang'ana ku doko, ndipo ayankha dzulo. Atisungira chipinda chapansi cha mabedi awiri, pafupi ndi bafa. Akuti usiku kumamveka phokoso la mafunde ndipo alendo ena amadandaula. Ndawayankha kuti munthu amene wakhala moyo wake wonse m'mphepete mwa njanji sangadzutsidwe ndi madzi.

Alamu anu nditawaonetsa matikiti, anawerenga tsiku lobwerera kawiri.

“Sitima yatithawa kale, tisanakwere?”

“Palibe sitima itithawe. Ndakonza kuti tigone.”

“Mwakonza.”

“Ndakonza.”

Anakhala pansi pa bedi, nasisita bondo. “Nanga mwana wathu amuuza ndani?”

“Alongo anga.”

“Osati inuyo? Adiresi ndili nayo, bambo. Ndakhala nayo zaka zonsezi m'chitini cha mabatani.”

Zimenezo ndinkazidziwa, pakuti mabatani anga ndimasoka ndekha. Chimene sindinawayankhe, ndi chimene inunso simukuchidziwa, ndi ichi. M'zaka ziwiri zoyamba mwanayo anandilembera makalata atatu, pa dzina langa, osati la mayi wake. Ndinawalandira ndekha ku positi ofesi, ndipo onse atatu ndinawabweza osatsegula. Yachitatu inali yolemererapo, ndipo ndinamva ndi zala kuti munali chithunzi. Ndikawerengera miyezi, inali nthawi imene mwana wake anabadwa. Kuchokera apo sanalembenso. Tsono ine ndikamulembera lero, ali ndi ufulu wonse wobweza kalata yanga momwe ndinabwezera zake. Ndi mwana wanga, ndipo khalidwe limenelo sanalitole panjira.

Sindikunena kuti ndinalakwa za sukulu ija. Dziko linataya dokotala, ndipo ndidzafa ndikutero. Za makalata aja ndinalakwa.

Tsopano pempho langa. Muimbireni lamya, inde, lamya yomwe ija, ndipo mukhoza kundiseka mukamaliza. Mumuuze kuti Lachinayi pa 29 tidzafika 4:51 pa pulatifomu yachinayi, bogi yachiwiri kuchokera kutsogolo. Musakometse nkhani monga mwa chizolowezi chanu. Musanene kuti ndikudwala, pakuti sindikudwala, ndipo sindifuna kulandiridwa chifukwa cha mantha a maliro. Musanenenso kuti tangodutsa. Mumuuze kuti ulendowu ndaukonza ndekha, ndi dzanja langa, ndili ndi nzeru zanga zonse, ndipo kuti ndikukumbukira bwino zimene ndinanena m'chipinda chodyera muja.

Sindidzapita pakhomo pake osaitanidwa. Akabwera ku siteshoni, ndidzadziwa yankho. Akapanda kubwera, ndidzalidziwanso, ndipo tidzapita ku nyumba ya alendo. Koma apa mundimvetse bwino: ngati safuna kuona nkhope yanga, asalange mayi wake chifukwa cha ine. Abwere ndi mwanayo ku nyumba ya alendoko nthawi imene afuna, atumize mawu kwa wolandira alendo, ndipo ine ndidzatuluka kukayenda kugombe kufikira atachoka. Dokotala akhoza kunena pa 29 pomwepo kuti diso linalo nalonso layamba. Alamu anu ayenera kuona mdzukulu wawo akadatha kumuona. Mfundo imeneyi muinene kawiri.

Kalatayi ikufikani Lolemba ngati positi iyenda monga iyenera. Mudzakhala ndi masabata awiri ndi masiku atatu. Zimene akuyankheni mundilembere momwe wazinenera, osachotsapo minga.

Perekani moni kwa alamu anga, ndipo muwauze kuti achepetse mchere monga anawauzira dokotala. Moni kwa ana anu onse ndi kwa mpongozi wanu watsopano, amene kalata yake yothokoza inali yolembedwa bwino. Alamu anu akupereka moni, akuti ulusi wobiriwira uja unakwanira.

Mukaimba lamya ija, mupereke moni wanga kwa mwana wanga, ndi kwa mdzukulu wanga. Muperekenso kwa mkamwini wanga. Ndamva kuti pa doko saweruka msanga, ndipo injini ikatsegulidwa siisiyidwa pakati. Mumuuze kuti asasiye ntchito yake chifukwa cha 4:51. Ndidzamudikira. Ndili ndi nthawi mpaka 9:15 m'mawa.

Ndine mlongo wanu,
amene sanakupemphenipo kanthu kufikira lero.