Amene Anagwira Machira Kutsogolo

Lolemba, 25 Okutobala 2010
Mvula kuyambira m'mawa. Kwa Mildred, msuweni wanga, akupaka nyumba penti. Azungu a ku Australia akubwera kwathu kuno ku Kokoda, ku Papua New Guinea, kudzaveka bambo ake, a Ambure, mendulo ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ati ananyamula asilikali awo ovulala kuwoloka nawo mapiri. Machira amanyamulidwa ndi munthu mmodzi? Kutsogolo kunali bambo anga, ndipo phewa lawo linapita kumanda lili lopendekeka. Nsanje ndili nayo, sindibisa.

Lachinayi, 28 Okutobala
Mildred wabwera kudzabwereka mphika waukulu. Wigi yatsopano, mapazi ong'aluka omwe aja. Akuti, "Msuweni, udzachape diresi, kudzakhala ojambula." Mphika ndampatsa wothonya uja.

Loweruka, 30 Okutobala
Ndapita kwa a Ambure. Ali pakhonde, akukonza nthenga za chisoti chovinira. Ndawafunsa chifukwa chake pa wailesi anangoti "ndinali ndi mlamu wanga", ngati bambo analibe dzina. Andiyang'ana ngati ndatukwana. "Mwana iwe, ndinakwatira mlongo wake. Unandimva liti ndikutchula dzina la mlamu? Ukufuna mano otsalawa agwe?"
Mwambo ndimaudziwa, nanenso la apongozi sinditchula. Koma mwambo wake wawakomera bwanji, mendulo n'kukhala ya mmodzi.
Atsala okha mwa onse ananyamula. Akapanda kunena iwo, basi.

Lachiwiri, 2 Novembala
Nkhumba apha. Ng'oma tsiku lonse. Mildred watuma uthenga kuti bambo ake akuti mawa kumwamboko ndisalephere, ndikakhale kutsogolo. Kutsogolo kuti ndikaombe m'manja bwino? Mawa ndili ndi munda wopalira.

Lachitatu, 3 Novembala
Madzulo Mildred wabweza mphika, wosatsuka. Sanakhale pansi.
Akuti atawaveka mendulo bambo ake, mzungu wamkazi, mwana wa msilikali wina amene ananyamulidwa, anafunsa amene anagwira machira kutsogolo. A Ambure anaimirira osagwira ndodo. "Dzina lake ine sindingatchule. Mwana wake ali pompano, abwere alinene yekha, mendulo iyi aigwire." Anayang'ana m'gulu monse. Anthu onse kudikira ine. Mildred anali kumoto ndi miphika, wamva zitatha. Kenaka mwana wasukulu anayambitsa nyimbo.
"Akhala chiimire mpaka nyimbo kutha," watero Mildred. "Unali kuti, msuweni?"
Ndege ya azungu yanyamuka masana. Ndinaiona ikudutsa, khasu lili m'manja.