Uvuni wa Amayi Ulibe Mlandu

Alexandria, Lachinayi

Okondedwa achemwali Sabah,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji ku Girga konko? Amayi akudyako? Ine ndili bwino, manyazi okha ndiwo andigwira.

Amalume Hamdan afika dzulo ndi dengu munawapatsira lija. M'malo mondidikira kunyumba, analunjika ku labotale kwathu. Bakha wanu uja anadumpha m'dengu n'kuyamba kuyendera makina ngati nduna. Ine, amene kuno amati Dokotala Tahani, ndinamusaka chokwawa pansi pa matebulo, amalume akukuwa dzina langa lakumudzi lija kuti Kamphuno gwira mapikowo, abwana anga ali pomwepo. Kuyambira pamenepo aliyense akupatsa moni mphuno yanga.

Komabe zikomo. Buledi wa amayi wafika. Zikomonso inu achemwali, amene mumawasambitsa ndi kukhala nawo pamzere kuchipatala, ine ndikusamala maselo a anthu osawadziwa.

Atakhuta, amalume anaulula zimene mumandibisira. Akuti mankhwala a khansa ya m'bere aja asiya kugwira, chotupa chayambanso kukula, ndipo amayi akukana kubwerera kwa dokotala. Akuti azimayi anzawo awauza kuti anapsereza okha mankhwala m'thupi pokhala pa uvuni kundiphikira buledi, ndiye asavutitsenso anthu.

Apa mundimvetsere, poti ntchito munandilipirira sukulu ndi yomweyi. M'maselo muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa maikro-RNA. Khalidwe lake ndi la azakhali Nabawiya pamaliro: kutontholetsa olongolola. China chimene tinthuti timatontholetsa ndi kapampu kotulutsa mankhwala m'selo. M'maselo ena a chotupa tinthuti timachepa, timapampu n'kuchuluka, mankhwala akangolowa n'kukhuthulidwa panja ngati madzi otsukira mbale. Maselo ofooka amafa, ochenjerawo n'kutsala kumaswana.

Zimenezi ndimaziona ndi maso m'timbale tanga, m'chipinda chozizira moti ndimavala juzi. Mulibe uvuni mmenemo, mulibe buledi, koma maselo amakana mankhwala chimodzimodzi. Sindinganene kuti chotupa cha amayi chadzera njira yomweyi, njira zilipo zingapo, koma moto wawo suli m'gulumo. Sindikulonjezanso kuti achira. Chimene ndikudziwa n'chakuti mankhwala alipo amitundumitundu, ndipo dokotala angathe kusintha ngati wodwala wabwera.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere amayi kalatayi pang'onopang'ono, azimayi aja alipo, kenaka Lamlungu, tsiku loyamba la ntchito, mupite nawo kuchipatala. Akakana muwauze kuti akatero ndiye kuti buledi wanga ndi amene wawapha, ndipo Kamphuno sangasenze zimenezo.

Amalume anatsanzika m'mawa. Kenaka anati sitima ya masana ili ndi mipando youma, ndiwathirireko tiyi wina. Kenaka anakayendera bakha pakhonde, n'kundilangiza za ukwati. Panopa avala nsapato zonse ziwiri, ndiye ndifulumire kumaliza kalatayi asanavule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana, ndi kwa azakhali Nabawiya, koma musawauze zimene ndawafanizira. Amayi muwapsompsone dzanja m'malo mwanga.

Dengu ndabweza lopanda kanthu. Amalume akuti mwana wa anthu satero, ndichititsa manyazi mtundu wonse. Ndachita dala. Amayi alidzazenso okha, akabwerako kuchipatala.

Eya, amalume atsika masitepe, akung'ung'udzabe, ndiwathamangire ndi kalatayi.

Ndine mng'ono wanu,
Tahani